Chiwindi Sichidwala ndi Mowa Wokha

Kuno ku Neno, munthu wamkulu akayamba kutupa mimba, maso n'kuchita chikasu, miyendo n'kumadinika ukaikhudza ndi chala, anthu sachedwa kugamula mlandu. Ena amati ndi kachasu. Ena amati amuponyera, kapena wadya za eni. Wodwalayo akakhala wa mpingo wathu, mwina mkulu wa mpingo kapena mayi wa Dorika amene mudzi wonse ukudziwa kuti sanalawepo mowa, pamabwera chigamulo chachitatu chomwe chimanenedwa monong'ona kuseri kwa siwa: "Ndiye kuti ankamwa mobisa." Pa zaka zomwe takhala tikuyenda m'makomo pa ntchito yodzipereka ya zaumoyo, mawu amenewa tawamva kangapo. Amatsalira pa mkazi wamasiye ndi ana, maliro ataiwalika kale.

Mowa umawonongadi chiwindi, ndipo timachita bwino kuutalikira. Koma m'Malawi muno chimene chimayambitsa khansa ya chiwindi kwambiri ndi kachilombo kotchedwa hepatitis B. Madokotala atafufuza odwala khansayi pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti oposa theka anali ndi kachilomboka m'magazi. Kachilombo kameneka sikafunsa ngati munthu amasunga Sabata. Ambiri kanawalowa ali makanda, asanadziwe n'komwe kuti kuli chinthu chotchedwa mowa.

Chatichititsa kulemba nkhaniyi ndi funso lomwe bambo wina wa mpingo woyandikana ndi wathu anatifunsa. Bamboyu anapita kukapereka magazi kwa m'bale wake amene anagonekedwa m'chipatala, ndipo magaziwo atayezedwa anauzidwa kuti sangaperekedwe chifukwa ali ndi hepatitis B. Thupi lake silinkamupweteka paliponse, anali akulima mbatata ya kachewere ngati kale. Mwana wake wa ku Johannesburg atamva, anatumiza pa WhatsApp nkhani yonena kuti asayansi apeza njira yoletsera khansa ya chiwindi pogwiritsa ntchito tinthu totchedwa microRNA, n'kuwonjezera kuti pali munthu wina kumeneko amene akugulitsa mabotolo a "mankhwala otsuka chiwindi" opangidwa ndi nzeru yomweyo. Banjalo linali litagwirizana kale zogulitsa mbuzi zitatu. Bamboyo anatipeza titaweruka ku mapemphero a Lachitatu, nati: "Achimwene, inu mumawerengako za zipatalazi. Tiuzeni zoona, tigulitse mbuzizi kapena ayi?"

Yankho lake ndi lalifupi, koma kuti munthu alikhulupirire ayenera kumva kaye kuti microRNA n'chiyani, chifukwa theka la uthenga wa mwana uja linali loona.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo iliyonse muli malangizo onse a kapangidwe ka thupi, omwe asayansi amawatcha DNA. Malangizowa ndi amodzimodzi m'selo ya diso, ya fupa ndi ya chiwindi. Nanga bwanji chiwindi sichimera tsitsi? N'chifukwa chakuti selo iliyonse imatsegula malangizo ena, ena n'kuwatseka. Amene amathirira dimba ndi madzi a mngalande amvetsa msanga. Madzi ndi amodzi ochokera kumtsinje, koma mlimi amaika chibuma apa, n'kuchotsa apo, kuti bedi lililonse limwe mlingo wake. Ma microRNA ali ngati zibuma zimenezo. Ndi tizidutswa tatifupi kwambiri, ta zilembo pafupifupi 22, timene timakakamira pa uthenga wochokera ku DNA n'kuuletsa kupitirira. Zibumazo zikakokoloka, madzi amasefukira pamene sakufunika. M'thupi, kusefukira kotero ndiko kumachititsa maselo kuchulukana mosalekeza, ndipo imeneyo ndiyo khansa.

Anazitulukira ndi anthu awiri a ku America, Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, m'chaka cha 1993. Sanazipeze mwa munthu ayi, koma mwa kanyongolotsi ka m'dothi kotalika milimita imodzi yokha. Kwa zaka zingapo anzawo ankayesa kuti ndi zachilendo za kanyongolotsiko basi, mpaka mu 2000 pamene zinadziwika kuti nyama zambiri, ndi anthu omwe, ali nazo. Lero zikudziwika kuti m'thupi la munthu muli mitundu ya microRNA yoposa 1,000, ndipo mu 2024 awiriwa analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala. Kuchokera pa kanyongolotsi kufika pa mphotoyo panadutsa zaka 31, ndipo chiwerengero chimenecho chikutiuza liwiro limene ntchito zoterezi zimayendera.

M'chiwindi muli mtundu umodzi wochuluka kuposa yonse, wotchedwa miR-122. Oposa theka la ma microRNA a m'chiwindi ndi a mtundu umenewu. Chiwindi chikamadwala kwa zaka zambiri n'kuyamba khansa, miR-122 amapezeka atachepa. Mu 2012 ofufuza anaonetsa kuti mbewa zoyesera zomwe zinachotsedwa miR-122 zimayamba kutupa chiwindi, kenako chiwindicho chimachita zipsera, pomaliza chimamera zotupa za khansa. Pamenepa m'pamene pagona chiyembekezo chonse: ngati tingabwezeretse chibuma chomwe chakokoloka, mwina chiwindi chodwala sichingafike pa khansa. Enanso akufufuza ngati kuyeza ma microRNA m'magazi kungathandize kuzindikira khansa isanakule.

Koma mbewa si munthu. Mankhwala oyamba a mtunduwu olimbana ndi khansa, otchedwa MRX34, anayamba kuyesedwa pa anthu mu 2013, ndipo ena mwa odwalawo anali a khansa ya chiwindi. Mu 2016 kuyesako kunaimitsidwa chifukwa chitetezo cha m'thupi mwa ena chinalusa kwambiri, ndipo anthu anayi anamwalira. Panalinso mankhwala ena, miravirsen, omwe ankatseka miR-122 yemweyo pofuna kugonjetsa kachilombo kena, ka hepatitis C, komwe kamadalira miR-122 kuti kaswane. Taonani kuvuta kwake: chinthu chimodzi chomwecho, ukachitseka ukupha kachilombo, koma chikasowa nthawi yaitali mbewa zikuchita khansa. Mankhwalawo sanafike pamsika, popeza kunabwera mapiritsi ena omwe amachiza hepatitis C pa masabata 12. Mpaka pano palibe dziko limene lavomereza mankhwala a microRNA oteteza khansa ya chiwindi, kaya ndi South Africa kaya ndi America. Botolo lililonse logulitsidwa ndi dzina limenelo ndi la munthu wofuna ndalama zanu.

Tinawauza bambo aja kuti mbuzi zikhale m'khola, ndipo ndalama yomwe ikufunika ndi ya ulendo wopita kuchipatala basi.

Komabe kafukufukuyu watiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ife a kumudzi tingachigwiritse ntchito lero. Khansa ya chiwindi sigwa ngati mphezi. Chiwindi chimatupa pang'onopang'ono, chimapola, chimatupanso, ndipo kupola kulikonse kumasiya chipsera, kufikira chiwalo chofewa chija chitauma n'kuchita mabulubudu. Zimenezi zimatenga zaka 20, 30, nthawi zina kuposa apo, ndipo m'zaka zonsezo munthu samva kanthu. Asayansi akufuna kulowerera m'kati mwa zaka zimenezo ndi microRNA. Ife tili kale ndi zinthu zitatu zolowererapo m'zaka zomwezo.

Choyamba ndi katemera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B wokhazikika m'thupi, ndipo chaka chomwecho anthu 1.1 miliyoni anafa naye. Chomwe chimasiyanitsa anthu ndi msinkhu umene kachilomboka kanawapeza. Munthu wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha, ndipo osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo amatsala nako. Khanda likakatenga, ana 9 pa 10 alionse amakhala nako moyo wonse. Kamadutsa kuchokera kwa mayi pobereka, komanso pakati pa ana aang'ono kudzera m'mabala ndi zilonda posewera. Kamadutsanso pa lezala limodzi lotemera mphini ana a nyumba yonse, pa mpeni umodzi wa ku simba, pa singano yobooleramo makutu, pa mswachi wobwerekana, ndi pogonana.

Dziko la Taiwan linayamba kubaya makanda katemerayu mu 1984, ndipo patatha zaka khumi khansa ya chiwindi pakati pa ana inali itatsika ndi pafupifupi theka. Kuno kwathu katemerayu analowa ku sikelo mu 2002, m'jekeseni uja wa pantchafu amene mwana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Amayi ambiri amangomutcha "wa pamwendo" osadziwa kuti akutetezanso ku khansa. Ofufuza atayeza anthu ku Ndirande anapeza kuti mwa obadwa katemerayu asanayambe, pafupifupi 5 pa 100 alionse anali ndi kachilomboka, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba anali 3 okha pa 1,000. Mayi amene amatsika phiri ndi mwana kumbuyo kupita ku sikelo ya ku Matandani, ku Dambe kapena ku Ligowe katatu konseko osadumphitsa, wachita zimene microRNA sanathe kuchita mpaka lero. A WHO amalangizanso kuti mwana alandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire, ndipo mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo kochuluka m'magazi amwe mankhwala oteteza mwanayo. N'chifukwa chake mayi aliyense woyembekezera ayenera kufunsa ku sikelo kuti ayezedwe hepatitis B, ndi kuchilira kuchipatala.

Nanga ife amene tinabadwa 2002 isanafike? Ife a zaka za m'ma 40, pamodzi ndi abusa athu, akulu a mipingo ndi makolo athu, katemera wa ku sikelo anatiphonya tonse. Chathu ndi chachiwiri: kuyezetsa, ndipo ngati kuli kofunika, kumwa mankhwala. Kuyeza kwake n'kofanana ndi kwa HIV, kadontho ka magazi a pachala, zotsatira n'kutuluka tsiku lomwelo. Ife tinayezetsa limodzi ndi a kunyumba, ndipo chovuta chinali mphindi zodikira zija basi. Amene wapezeka nako sikuti amayamba mankhwala pompo. Achipatala amayezanso magazi, nthawi zina amaunika chiwindi ndi makina, kuti aone ngati chayamba kuwonongeka. Ena amangouzidwa kuti azibwera kudzaonedwa. Ena amapatsidwa tenofovir, piritsi limodzi pa tsiku. Silichotsa kachilombo m'thupi, koma limakagoneka, chiwindi n'kupeza mpata wopola, ndipo mwayi wa khansa umachepa kwambiri ngakhale sutheratu. Mu 2024 a WHO anafewetsa malamulo kuti anthu ambiri aziyamba mankhwalawa msanga. Amene chiwindi chake chinauma kale amalangizidwa kuunikidwa pa miyezi 6 iliyonse.

Apa pali chopunthwitsa chimene tiyenera kuchitchula poyera. Tenofovir alinso m'gulu la mankhwala otalikitsa moyo, ndiye munthu akaonedwa ndi botolo lake, mudzi umayamba kuwerenga zala. Bambo aja, atauzidwa kuti ayambe mankhwala, chimene chinawadetsa nkhawa si matenda koma botolo. Ife a ku Neno tili ndi mwayi pamenepa. Kuchokera mu 2007 bungwe la Partners In Health, lomwe kuno timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino, ndipo kuyambira mu 2015 odwala matenda a mgonagona, a BP, a shuga, a mphumu, a khunyu ndi a HIV amaonedwa pa kiliniki imodzi, pa benchi limodzi. Tinazolowera kale kuti kumwa piritsi tsiku lililonse si chizindikiro cha khalidwe la munthu. Kwa amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi, mankhwala omwe akumwawo akugwira ntchito ziwiri, ndipo kuwasiya, ngakhale munthu wina atanena kuti mwachira ndi mapemphero, kumadzutsa kachilombo ka m'chiwindi mwaukali woti kangathe kupha.

Tinenenso za pa mpingo, popeza tamvapo ena akusala anzawo. Hepatitis B safala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, pomwera chikho chimodzi, kapena posambitsana mapazi tsiku la Mgonero. Mayi amene ali naye akhoza kuyamwitsa. Chofunika n'chakuti a m'nyumba mwake ayezetse, ndipo amene alibe kachilomboka afunse za katemera. Ife timakonda mankhwala achilengedwe, ndipo chammwamba ndi ndiwo yabwino. Koma makala, nimu kapena aloe vera sizipha kachilombo kameneka, ndipo zosakanizasakaniza za m'mabotolo a pamsika zimapatsa ntchito chiwindi chomwe chatopa kale, pakuti chilichonse chimene tameza chimakasefedwa kumeneko.

Chachitatu sichili kuchipatala, chili m'nkhokwe mwathu, ndipo chikutikhudza ife a Adventist kuposa anzathu. Mabanja athu ambiri anachepetsa nyama kapena kuisiyiratu, ndipo m'malo mwake munalowa mtedza. Nsinjiro m'phala la mwana, nsinjiro mu mpiru ndi mu nkhwani, chiponde pa buledi, mtedza wokazinga wa pa ulendo wa ku misasa. Timalimbikitsanso mgaiwa kuposa ufa woyera. Zonsezi ndi zakudya zabwino, koma mtedza ndi chimanga ndizo mbewu zomwe chuku amazikonda kwambiri. Mtundu wina wa chuku umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Anthu anamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu amapita m'chiwindi n'kukawononga malangizo a m'maselo aja. Payekha ndi woopsa kale, koma akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ofufuza anapeza kuti chiopsezo cha khansa chimakwera pafupifupi ka 30. Kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, kale kunkapezeka khansa ya chiwindi yochuluka kuposa madera ambiri pa dziko lapansi, makamaka mwa amuna achinyamata, ndipo ofufuza anaona kuti ikuyendera limodzi ndi poizoni ameneyu m'zakudya.

Choipa chake n'chakuti moto sumupha. Mungakazinge, mungaphike, mungasinje, iye ali momwemo. Ndipo taonani mmene timachitira pakhomo. Mtedza wabwino, wodzaza, wowala, timausankha kuti upite kwa mavenda. Wofota, wosweka, wakuda, wowawa uja ndiwo timausiya kuti, "Uwu tisinja." Ndiye kuti poizoni wa munda wonse tamusonkhanitsa m'lichero limodzi, n'kumuthira m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Chimanga chowola cha pansi pa nkhokwe chimapita ku chigayo chitasakanizidwa ndi chabwino, poti ufa ukatuluka suonetsa. Palinso chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kenako n'kuuthira m'thumba usanaume. Pamenepo chuku tamuyalira mphasa tokha.

Zoyenera kuchita alangizi a zaulimi akhala akuzinena, kungoti timazimva ngati nkhani ya msika osati ya chiwindi. Mtedza ukumbidwe ukangokhwima, osadikira kuti ugone m'dothi. Uumitsidwe pa thandala, pa mphasa, kapena pouunjika mozungulira masamba ali kunja ndipo pakati pali mpata wa mphepo, osati pa dothi lenileni. Ukauma umalira mukaugwedeza. Usungidwe ndi makoko ake, matumba ali pamwamba pa mitengo, osagunda khoma. Chimanga chisalowe m'thumba chisanaume kufika polira "kha" mukachiluma, ndipo kumtunda kuno, kumene chiperoni ndi nkhungu zimatha masiku, pamafunika kudekha kuposa kwa anzathu a ku Lisungwi ndi ku Zalewa komwe dzuwa limaomba mwamphamvu. Kukonola ndi kuviika kumachotsako gawo la poizoniyu chifukwa wambiri amakhala ku khungu la njere, ndiye amene akufuna mgaiwa asankhe chimanga chake mosamala kwambiri, njere ndi njere ngati kuli kotheka. Zotsalira zowolazo musapatse ng'ombe ya mkaka, pakuti poizoniyo amatulukira mu mkaka. Zikwirireni.

A m'mbali mwa Shire ndi Lisungwi akumbukirenso likodzo. Mtundu wake wa m'matumbo umaikira mazira m'chiwindi n'kuchiumitsa, ndipo munthu amatha kusanza magazi. Mapiritsi a likodzo akabwera ku sukulu, ana amwe.

Tikudziwa kuti mawu oti "zikwirireni" ndi opepuka pa pepala. Tinakhalapo pa khonde la mayi wina mwezi wa February, nkhokwe ili pululu, m'lichero muli chimanga chobiriwira chuku, ana atatu akuyang'ana. Munthu wotero sungamuuze kuti ataye, ndipo ife sitinamuuze. Tinathandizana naye kusankha, tinataya zoipitsitsa, zotsalazo anakakonola ndi kuviika. Kusankha kwenikweni kumatheka mu April ndi May, pamene mitolo ili mbwee pabwalo ndipo kutaya ndowa imodzi sikugonetsa mwana ndi njala. Chaka chino gulu lathu la zaumoyo lagwirizana ndi amayi a Dorika kuti maulendo a m'makomo a miyezi imeneyo tiziyenda ndi malichero, ndipo nyumba iliyonse tikafika tizipempha kuona zinthu ziwiri: buku la ku sikelo la mwana wamng'ono, ndi mtedza umene wapatulidwa kuti usinjidwe.